Kilatchi ya Dona

Giya inakukuta kachitatu, ndipo Hilda anamva ngati chitsulocho chikukwecha mano ake omwe. Anasiya nandolo zimene ankasenda pakhonde, napisa dzanja kumbuyo kugwira kamutu ka Promise. Mwanayo anali adakali m'tulo.

"Mwaulemu, bambo aang'ono," anatero chapansipansi, akudziwa kuti mawuwo safika kuchisakasa.

Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda bambo ake, a Stafford Makina. Anthu anali atameta dzulo lake, ndipo alendo ambiri anali atabwerera kwawo. Pabwalo panangotsala phulusa, mabenchi awiri a kutchalitchi oyembekeza kubwezedwa, ndi galimoto ija.

Inali galimoto yofiira, ya mipando iwiri yokha, yaifupi ngati yagwada, ya denga la lona, yakale kuposa Hilda yemwe. A Stafford anayendetsa bwana wina wa ku esiteti ya tiyi ku Mulanje kwa zaka makumi awiri, ndipo chaka cha zisankho, mu 1994, bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira galimotoyo. Ankaitcha Dona. Anthu a m'mudzi muno, kumunsi kwa Fort Lister, ankaseka kuti mayi Fainess ali pamitala, ndipo mkazi wamng'ono ndi amene amapukutidwa tsiku ndi tsiku.

Dzulo, atatha kumeta, akuchimuna ndi akuchikazi anakhala pansi kugawa katundu. Amene anayankhula kwambiri anali a Fletcher, mng'ono wa malemu, amene ankagulitsa kaunjika ku Limbe.

"Nyumba ndi yanu, alamu," anatero. "Munda ndi wanu, ana ndi anu. Achimwene anali mkamwini pano, sitikutsutsa. Koma ife a kwa Kaduya tibwerere manja lendelende ngati sitinabereke munthu? Tipatseni galimoto."

Mayi Fainess anangoti, "Tengani," maso ali pamphasa.

Ndiye lero m'mawa a Fletcher anafika ndi makaniko wa ku Limbe, dzina lake Laston, munthu wamfupi wa ovolosi yong'ambika pabondo ndi pakamwa posatseka. Bwana wina wa ku Blantyre wokonda magalimoto akale anali atavomera kuigula, bola ifike ikuyenda yokha.

Hilda ananyamula lichero lake nasendera pakona pa nyumba, pamene ankatha kuona m'chisakasa popanda kuoneka ngati akuonerera.

"Injini ndiye ayi, mdala ankaisamala," Laston ankatero, mutu uli m'boneti. "Imvani mmene ikulirira, ngati kwaya. Koma kilatchi yanuyi palibe. Mukaponda ikungolowa ngati mwaponda papaya lakupsa."

"Nanga ndakutengera chiyani ku Limbe? Konza."

Laston anatsegula kachitini kakang'ono ka pafupi ndi galasi la kutsogolo, nasuzumiramo. Munali mouma. Anathiramo mafuta a mabuleki kuchokera m'botolo limene anabwera nalo, kenaka anadzikankhira pansi pa galimoto ndi sipanala.

"Tiibulide, bwana, tichotse mpweya m'mapaipi. Inu muziponda. Ndikati gwirani, mugwire pansi pomwepo mpaka nditseke kabawutika."

A Fletcher anali aatali. Mawondo awo anakakamira pachiwongolero, ndipo ankaponda mofulumira ngati telala wa yunifomu sabata yotsegulira sukulu.

"Gwirani!"

"Ndagwira!"

"Mwagwira chiyani mwendo uli m'mwamba? Kodi mukuvina tchopa? Ine ndikutulutsa mpweya, inu mukuukokeranso m'kati!"

"Iwe, uyankhule bwino. Pano pali maliro."

Anayesa kawiri. Chopondera cha kilatchi chinakhalabe chofewa. Laston anatuluka, nadzikuntha fumbi, napukuta manja paovolosi.

"Bwana, ndikuuzeni zoona. Vuto lili m'kati, kwa mbale ya kilatchi. Mpaka titsitse giyabokosi, ndipo masipeya a gogo ameneyu simungawapeze ngakhale ku Ndirande."

"Ndiye tiikweze pa lole."

"Lole idutse pa kamlatho ka matabwa kaja? Ine poyenda pansi ndinadutsapo ndikupemphera." Laston anakanda m'mutu. "Njira ilipo imodzi. Tiiphwasule. Injini, nyali, mateyala, mipando, titengere pa ngolo mpaka kumsewu. Masipeya amenewa anthu awalimbirana. Chigobachi chitsale, nkhuku ziziikiramo."

A Fletcher anayang'ana galimotoyo kanthawi, kenaka anayang'ana dzuwa. "Idya kaye. Ukatha, yamba."

Nandolo zinagwa m'manja mwa Hilda n'kumwazika pansi. Sanazitole.

Kuyambira chaka chimene galimotoyo inabwera, Loweruka lililonse masana bambo ake ankayala chiguduli pansi pa Dona, ndipo mayi ake ankasiya chilichonse chimene ankachita n'kukakhala pampando wa dalaivala. Ana sankaloledwa kuyandikira. "Pitani mukatole mango," bambo ankatero, ngakhale m'mwezi wa Juni. Koma Hilda anali mwana wosamva mtima kukhazikika ngati sakudziwa chimene chikuchitika. Ankatsuka mbale kuseri kwa chisakasa, mbale zoyerayera kale, diso lili pa kabowo ka lata. Bambo ake anali munthu wa mawu ochepa, woti m'nyumba tsiku linkatha atangonena "zikomo" ndi "tsekani chitseko". Koma akalowa pansi pa galimoto paja, mawu ankatuluka ngati madzi a m'phiri la Michesi nthawi ya dzinja.

Anadzuka nalowa m'nyumba.

Mayi Fainess anali pamphasa kuchipinda, duku lakuda litaphimba mutu wometa, miyendo atatambasula. Pambali pawo panali akulu awo, a Zelifa, amene sanachoke chichitikireni zovuta.

"Mayi, akufuna kuiphwasula."

Manja a mayi Fainess, amene ankasalaza mphasa, anaima.

"Ndi yawo," anatero.

"Akuti chigoba chitsale nkhuku ziziikiramo. Mayi, si mbale ya kilatchi. Inu mukudziwa."

"Iwe Hilda," a Zelifa analowerera, "mayi akowa atuluke akagwire katundu woti wagawidwa kale? Mawa mudzi wonse udzati namfedwa akukaniza chuma, mwinanso adzati wapita kukaikamo mankhwala. Zisiye. Chitsulo si munthu."

Hilda anayang'ana mayi ake. Iwo anayang'ana khoma.

Hilda anatuluka. Galimotoyo ikakonzeka ipita, ankadziwa zimenezo. Ikapanda kukonzeka ifera pabwalo pomwepa, ndipo mayi ake azidzuka m'mawa uliwonse n'kuona chigoba chake. Anamanganso mbereko ya Promise ngakhale inali yolimba kale, napita kuchisakasa. Laston anali atayala masipanala ake pansi, wamkulu mpaka wamng'ono, akutafuna chinangwa chophika.

Hilda anagwada pataliko pang'ono. "Pepani bambo aang'ono. Ndinene kanthu?"

"Nena, make Promise."

"Mwina ndikulakwitsa. Koma vuto silili m'kati."

Laston anaseka mpaka chinangwa chinamutsamwa. "Asisi, galaja yanu ili mbali iti? Ndidzafunsireko ntchito."

Hilda sanadzuke. "Pisani dzanja pamwamba pa chopondera, pansi pa chiwongolero. Ngati pali ponyowa ndiye kuti yafa ndi silinda ya pamwamba."

Laston anayang'ana a Fletcher, nakweza mapewa, napisa dzanja. Anatulutsa zala zouma.

"Tsopano onani ya pansi, pafupi ndi giyabokosi. Kalabala kakuda kovindikira kumapeto kwake n'konyowa."

"Ndinakaona kale kameneko," anatero Laston, koma analowabe pansi. Mawu ake anamveka chapatali. "Ee, kakudontha. Pang'ono."

"Bambo aang'ono aponde, inu muone kandodo kotuluka m'silindamo. Kamayenera kuyenda chonchi." Anaonetsa mutu wa chala chake cha mkombaphala, kuyambira pamfundo mpaka pachikhadabo.

A Fletcher anaponda. 

"Kakungogwedera," Laston anavomera. Kuseka kunali kutatha. "Ndiye kuti mbale ija sikukankhidwa n'komwe. Ndi mpweya. Koma asisi, ndabulida kawiri."

"Bambo sankabulida ili pansi chonchi. Ankayamba aikweza mateyala a kutsogolo pa miyala iwiri, kuti mpweya ukwere ufike pa kabawuti kaja. Ikakhala chonchi mpweya umabisala pakona."

"Miyala yake iti?"

Hilda anayang'ana pamene miyalayo inkakhala, pakhomo pa chisakasa. Panali mabowo awiri okha m'dothi. Anazungulira ndi maso bwalo lonse mpaka anaiona kuseri kwa khitchini. Amayi ophika pamaliro anali ataizula n'kuisandutsa mafuwa. Inali yakuda bii ndi mwaye.

A Fletcher ndi Laston anaigubuduza n'kuibwezera m'mabowo ake, ndipo inakhala ngati sinachokepo. Anakankha Dona mpaka inakwera, mphuno yake italoza kuphiri. Hilda anakwera pa benchi natsitsa chitini chakale cha mabisiketi chimene chinkakhala pa mtanda wa denga. Munali kasipanala kotha m'mbali, kapaipi ka diripi ya kuchipatala, kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndi kathabwa kokhuthala kokulungidwa ndi malegeni. Pansi penipeni panali kanthu kokutidwa ndi mpango woyera. Sanakagwire.

"Kapaipika mulumikize ku kabawuti, mbali inayi ilowe m'kabotolo muli mafuta pang'ono. Thovu likasiya kutuluka ndiye kuti yatha."

"Mdala ameneyu anali dokotala," anatero Laston.

A Fletcher anadzipindanso pampando. Anaponda, anagwira, koma Laston asanatseke anali atasiya kale.

"Bwana!"

"Mwendo wachita dzanzi! Mpando umenewu anaupangira ana a sukulu?"

"Tulukani, alamu."

Onse anatembenuka. Mayi Fainess anali ataima pakhomo pa chisakasa, opanda nsapato, chitenje atamanga pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunali a Zelifa, atagwira pakamwa.

"Alamu, nkhani ija tinamaliza dzulo," a Fletcher anatero, koma mwendo umodzi unali utatuluka kale.

"Sindinabwerere nkhani. Ndati tulukani, mukuivutitsa."

Anatenga kathabwa kaja m'chitini, nawerama, nakamangirira pa chopondera ndi malegeni, mfundo ziwiri, osayang'ana n'komwe. Pakati pa kathabwako panali posalala, polowa pang'ono, ndipo atakhala pampando phazi lawo linakwana pamenepo ngati m'nsapato.

"Chabwino mayi," Laston anafuula ali pansi. "Ndikati ponda..."

"Musakuwe. Iwo sankakuwa."

"Nanga mudziwa bwanji?"

Mayi Fainess anayang'ana Hilda. Hilda anamasula Promise nampereka kwa a Zelifa, anakokera chitenje pakati pa miyendo, natenga chiguduli cha bambo ake pamsomali.

"Tapatukani, achimwene," anauza Laston.

Pansi pa galimoto pankanunkha mafuta ndi dothi lozizira. Pamene anagoneka mutu panali kadzenje kosalala, kokumbika ndi mutu wa munthu wina. Anatseka maso kamphindi. Kenaka anagogoda chitsulo ndi kasipanala kawiri.

Pamwamba pake chopondera chinatsika, mwapang'onopang'ono, katatu, n'kukhala pansi. Hilda anamasula kabawuti. Mafuta anathamanga m'kapaipi ndi thovu loyera. Anatseka, nagogoda kamodzi. Chopondera chinakwera.

"Ehe," Laston ananong'ona, atanjuta pambali. "Kawiri ponda, kamodzi siya."

"Pakamwa pazitsala pa nkhani," anatero mayi Fainess. "Inu muziona kachitini kaja kasaume."

Laston anathamangira kuboneti ndi botolo lake.

Kawiri. Kamodzi. Kawiri. Kamodzi. Ulendo wachinayi, mayi Fainess anayamba kuyankhula, osati kwa munthu aliyense woimirira, koma chapansi, cha kumapazi kwawo.

"Nandolo za kumtunda zauma, zikuthetheka zokha. Tikachedwa tikatola pansi. Lata la kuchipinda lija layambanso, pamene munamata ndi phula. Promise watuluka dzino lachiwiri, waluma Zelifa dzulo." Chopondera chinakwera. "Kwaya inaimba bwino. Mukanaimva mukanati athamangitsa nyimbo yachiwiri."

Kasipanala kanaterereka m'manja mwa Hilda, ndipo anakatola msanga kuti asachedwetse kugogoda.

A Fletcher anali atatsamira mzati. "Achimwene ankayankha zimenezi?" anafunsa motsitsa. "Ine zaka zonsezi sanandiuzepo mawu okwana khumi."

"Ankayamba ndi iwo. Ine ndinkangoponda." Chopondera chinatsika. "Za matenda awo anandiuzira pansi pomwepo. Za mayi anu, mmene anawolokera kuchokera ku Mozambiki atakuberekani kumbuyo, achimwene anuwo atasenza mtondo. Za inunso."

"Ankati chiyani za ine?"

"Ankati Fletcher akadzabwera ndidzamuphunzitsa kuponda, koma alibe mtima wodikira, anatengera bambo."

Laston anaseka m'boneti, kenaka anasandutsa chifuwa.

Thovu linayamba kuchepa. Linasanduka timadontho tating'ono ngati mazira a nsomba, kenaka mafuta anayenda oyera, opanda kanthu. Hilda anakankha kandodo kaja m'kati ndi chala, monga ankaonera bambo ake akuchita pomaliza, ndipo thovu limodzi lalikulu linatuluka. Anatseka kabawuti mwamphamvu.

"Yalimba," anatero mayi Fainess pamwamba.

Hilda anatuluka, msana wonse uli dothi. Amuna aja anatsitsa galimoto pamiyala, Laston analiza injini atapisa dzanja pawindo, ndipo mayi Fainess anaponda nakankha ndodo ya giya. Inalowa mwakachetechete ngati supuni m'phala. Anaibwezera pakati, nazimitsa.

"Amayi inu!" anatero Laston. "Ku Limbe mukanatilanda makasitomala." Anapukuta manja. "Koma bwana, kudonthaku kulipobe. Pofika ku Boma tikhala tikuthira, pofika ku Limbe mwina yatithera panjira. Pakufunika malabala atsopano a silinda ya pansiyo, ndipo amenewo ndiye..."

Anasiyira pomwepo. Ankabweza kapaipi m'chitini, ndipo chala chake chinali chitakola mpango woyera uja. Munagwa kapaketi ka pulasitiki kosatsegula. Anakatola, nakayang'ana padzuwa.

"Si awa! Atsopano, a galimoto yomweyi! Theka la ola basi, kudontha kwatha mpaka kalekale." Anatembenuza kapaketiko. Pepala la m'kati linali litasanduka lachikasu. "Koma akhalitsatu awa."

"Anawaitanitsa ku Joni chaka chachiwiri galimoto itabwera," anatero mayi Fainess.

A Fletcher analandira kapaketiko. "Zaka zisanu ndi chimodzi? Munthu wodziwa ntchito ngati achimwene, kumagona m'fumbi sabata ndi sabata, malabala ali m'chitini? Bwanji sanaike?"

Mayi Fainess ankamasula malegeni pa chopondera. Sanadzutse mutu.

"Akanaika, Loweruka tikanachita chiyani?"

Promise anayamba kulira pang'ono m'manja mwa a Zelifa, akufuna mayi ake.

Mayi Fainess anatuluka m'galimoto, kathabwa kali m'manja. "Ikani malabalawo, bambo makaniko. Ipite yathunthu, asaiphwasule. Ine ndingotsala ndi aka."

Hilda anayang'ana pansi. Ndi iye amene anaikonzera ulendo. Anamva Laston akusankha masipanala, chitsulo chikulira pa chitsulo.

"Laston," anatero a Fletcher. "Minibasi ya masana imadutsa nthawi yanji kumsewu?"

"Minibasi? Bwana, galimoto ndi iyi."

"Ukamuuze bwana wako uja kuti galimotoyo imadontha."

"Koma malabala si awo muli nawo m'manja?"

"Ndati imadontha. Longedza."

Laston anayang'ana a Fletcher, anayang'ana mayi Fainess, kenaka anayamba kutola masipanala ake akung'ung'udza kuti anthu a ku Phalombe amakuyendetsa mtunda wonsewu kuti udzawagwirire botolo.

A Fletcher anapereka kapaketiko kwa Hilda, osamuyang'ana kumaso. "Ndi yanga galimotoyi, alamu, anthu onse anamva dzulo. Ndangoisungitsa. Pa Khirisimasi ndidzabwera kudzaona ngati mukuisamala."

"Mudzabwere Loweruka," anatero mayi Fainess. "Mudzaphunzire kudikira."

A Zelifa anapukusa mutu, koma ankamwetulira. Anapereka Promise kwa mayi ake napita kukasonkha moto woti alendo amwe tiyi asananyamuke.

M'chisakasa munatsala awiri. Mayi Fainess anaona dontho la mafuta pa penti yofiira pafupi ndi boneti, nalipukuta msanga ndi nsonga ya chitenje. Anakankhira ndi phazi chivindikiro chakale cha poto pansi pa galimoto, pamene pankagwera madontho. Kenaka anatambasula dzanja.

Hilda anawapatsa kapaketi kaja. Iwo anayala mpango woyera pa boneti, naika kapaketiko pakati, napinda ngodya zinayi motsata mizere imene inalipo kale, mizere yakuda pang'ono ndi zala za munthu wogwira mafuta. Anakaika pansi penipeni pa chitini, kathabwa pamwamba pake, natseka.

"Bweza pamtanda," anatero. "Chiguduli usachape."